Kuyesa Zolemba za pa Kompyuta: Kodi Wosaona Angathe Kuziwerenga?

Zolemba zambiri zimene mumasewenzetsa pophunzitsa kuwerenga masiku ano zimadzera pa kompyuta kapena pa foni. Pepala la zocita mumalikonza mu Word. Mau a sabata mumawalandira pa WhatsApp kucokera kwa mnzanu wa m'zoni. Mayeso a kumapeto kwa temu amabwera ngati PDF, ndipo ena mwa inu mwayamba kupempha mapulogalamu a pa intaneti kuti akulembereni tinkhani tatifupi pamodzi ndi mafunso ake. Zonsezi zimaoneka bwino pa sikirini. Gawo lino likuthandizani kuyankha funso lina: kodi munthu amene saona, kapena amene amaona movutikira, akatsegula fayilo imeneyo adzapeza zonse zimene wopenya akupeza, ndiponso mu dongosolo lomwelo?

Munthu ameneyo angakhale mwana wa m'kalasi mwanu, mwina wacialubino amene amayandikitsa pepala kumaso kuti aone zilembo. Angakhale kholo losaona limene lifuna kuthandiza mwana wake pa homuweki. Angakhalenso mphunzitsi mnzanu, pakuti aphunzitsi osaona alipo m'masukulu athu, ndipo akalandira ndondomeko ya phunziro imene makina ao sawerenga amakakamizika kudikira wina wowawerengera. Dziko la Zambia linavomereza pangano la United Nations lonena za ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limateteza ufulu wao wa maphunziro. Kuphunzitsa ana osaona si nkhani yacilendo kwa olankhula Cinyanja: sukulu yoyamba ya ana osaona m'dziko muno inayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905. Cimene casintha ndi zipangizo.

Zimene makina owerenga amapeza mu fayilo

Pulogalamu yowerengera anthu osaona imachedwa screen reader. Imatenga zolembedwa zimene zili mu kompyuta kapena mu foni ndi kuzichula mokweza, kapena kuzitumiza ku kacipangizo kotulutsa timadontho ta Braille. Pa kompyuta za Windows yodziwika kwambiri ndi NVDA, imene ndi yaulere ndipo inayambitsidwa mu 2006 ndi anthu awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh. Palinso JAWS, imene ndi yogula, ndi Narrator imene imabwera kale mu Windows. Pa mafoni a Android pali TalkBack, ndipo pa iPhone pali VoiceOver.

Mapulogalamu amenewa sayang'ana tsamba monga mmene inu mumacitira. Inu mukaona mau akuluakulu akuda pamwamba pa pepala mumadziwa kuti ndi mutu. Makina amadziwa kuti ndi mutu pokhapokha ngati wolemba anauika cizindikiro ca mutu mkati mwa fayilo. Mukangokulitsa zilembo ndi kuzidetsa, kwa makina ndi ciganizo wamba. Cimodzimodzi ndi matebulo, zithunzi ndi mindandanda: ciliconse cili ndi cizindikiro cake cobisika cimene maso saona. Fayilo ingathe kukongola kunja pamene mkati mulibe zizindikiro zimenezi, monga nyumba yopakidwa penti bwino koma yopanda zitseko za zipinda.

Vutoli limakula pa zolemba zimene makina amapanga okha. Mukasewenzetsa cikombole cimodzi kutulutsa malipoti a ana 60, colakwa ca m'cikomboleco cimabwerezedwa ka 60. Mukasintha fayilo kucoka ku Word kupita ku PDF pa webusayiti yaulere, zizindikiro zamkati zingathe kutayika panjira popanda cenjezo. Ndiye cifukwa cake muyenera kuyesa fayilo yomaliza, imene idzafika kwa wowerenga. Kuyesa cabe imene munalembamo sikukwanira.

Kuyesa koyamba: kodi muli zilembo zenizeni?

Kuyesa kumeneku kumatenga mphindi imodzi ndipo kumagwira vuto lalikulu kuposa onse. Tsegulani PDF, dinizani Ctrl ndi F pamodzi, ndipo lembani liu limene mukuliona pa tsamba, monga "mbuzi". Ngati kompyuta yalephera kulipeza, ndiye kuti tsambalo ndi cithunzi cabe. Zimenezi zimacitika pamene wina wajambula pepala ndi foni kapena kulipititsa pa sikana. Kwa makina owerenga, tsamba lotere ndi lopanda kanthu.

Pali mapulogalamu amene amazindikira zilembo za pa cithunzi ndi kuzisandutsa zolembedwa. Amathandiza, koma ambiri anakonzedwa poganizira Cingerezi, motero pa Cinyanja amalakwitsa. Kacizindikiro ka mu "ng'ombe" kangathe kusowa, "l" angasanduke "I" kapena nambala 1, ndipo cilembo ca ŵ cimene cimapezeka m'mabuku ena cingasanduke cinthu cacilendo. Mukadzera njira imeneyi werengani liu lililonse ndi kukonza. Pa pepala la Giredi 1 la mau makumi awiri, kulilembanso mwatsopano n'kofulumira kuposa kukonza zimene makina asokoneza.

Mukapeza kuti zilembo ndi zenizeni, dinizani Ctrl ndi A kuti musankhe zonse, kopelani, ndipo muziike mu Notepad. Zimene zaonekamo zikupatsani cithunzi ca dongosolo limene makina angatsatire. Onani ngati funso 3 labwera patsogolo pa funso 2, ngati mizere ya mbali ziwiri za tsamba yasakanizika, kapena ngati malangizo a pamwamba apita kumapeto. Kawirikawiri cocititsa ndi timabokosi ta mau toyandama timene aphunzitsi timakonda kuika pokongoletsa tsamba. Mu Word makina amatha kutidumpha, ndipo mu PDF timawerengedwa pamalo osayenera. Malangizo ofunika alembeni mu mzere wamba.

Cida coyesera ca mu Word, ndi kusunga PDF

Mu Word, pitani pa Review ndi kusankha Check Accessibility. Cidzakuonetsani zithunzi zopanda mafotokozedwe, matebulo opanda mzere wa mitu, mabokosi a tebulo olumikizidwa, ndi zilembo zosaoneka bwino pa mtundu wa kumbuyo. Konzani zonse zimene caonetsa. Dziwani kuti cida cimeneci cimangoona ngati mafotokozedwe alipo, sicidziwa ngati ali olondola. Word imatha kudzilembera yokha mafotokozedwe a zithunzi m'Cingerezi, ndipo cithunzi ca amai akusinja cimanga mumtondo cingapatsidwe mau osagwirizana n'komwe ndi phunziro lanu. Tsegulani cithunzi ciliconse muwerenge zimene zalembedwapo.

Mitu ikhale ya Heading 1, Heading 2 ndi Heading 3 kucokera pa Styles, motsatana, osalumpha. Manambala a mafunso aikidwe ndi batani la mindandanda. Musasewenzetse batani la Enter kapena la mpata kangapo pofuna kukankhira mau pansi kapena pambali, cifukwa womvetsera amangomva kuti "blank, blank, blank".

Posunga PDF pali msampha. Mukasankha Print kenako Microsoft Print to PDF, zizindikiro zonse zamkati zimatayika. Njira yoyenera ndi Save As, kusankha PDF, kulowa pa Options, ndi kuonetsetsa kuti pa Document structure tags for accessibility pali cizindikiro. Mu LibreOffice Writer pitani pa Export as PDF ndi kuconga Tagged PDF kapena Universal Accessibility. Kuti mutsimikize, tsegulani fayiloyo mu Adobe Acrobat Reader, dinizani Ctrl ndi D, ndipo yang'anani pa mau akuti Tagged PDF. Payenera kulembedwa Yes. Amene ali ku malo a zipangizo za aphunzitsi a m'boma angaikenso pulogalamu yaulere yochedwa PAC, imene imayesa PDF molingana ndi muyezo wa PDF/UA ndipo imaonetsa tsamba monga mmene makina alimvera.

Komabe, ngati mukudziwa kuti wolandira ndi wosaona, m'patseninso fayilo ya Word. Ndi yosavuta kuyendamo, angathe kukulitsa zilembo, ndipo angalembemo mayankho.

Kumvetsera nokha

Palibe cida coyesera cimene cingalowe m'malo mwa khutu lanu. Ikani NVDA pa kompyuta ya sukulu. Ngati simuloledwa kuika mapulogalamu, NVDA imalola kupanga kope loyenda nalo pa fulashi. Ikayamba kulankhula musacite mantha ndi liwiro lake. Mungathe kulicepetsa pa Settings, pa gawo la Speech. Batani la Ctrl limaitontholetsa, ndipo Insert ndi Q zimaitseka.

Tsegulani fayilo yanu, dinizani Insert ndi muvi woloza pansi, ndipo makina ayamba kuwerenga kucokera pamene muli mpaka kumapeto. Tsopano zimitsani sikirini kapena iphimbeni ndi citenje, ndipo mausi muiike patali. Kucita zimenezi n'kofunika, cifukwa maso anu akamaona tsamba amadzaza okha mipata imene makina asiya. Mvetserani tsamba lonse, kenako dzifunseni: ndikanakhala kuti sindinaonepo pepala ili, kodi ndikanadziwa zimene afuna kuti ndicite?

Kenako yesani kudumpha. Mu PDF, cilembo ca H cimakufikitsani pa mutu wotsatira, T pa tebulo, G pa cithunzi, L pa mndandanda. Mu Word muyambe mwadiniza Insert ndi batani la mpata kuti zilembo zimenezi zigwire nchito yodumpha. Mukadiniza H makina n'kunena kuti palibe mutu wina, pamene inu mukudziwa kuti pa tsamba pali mitu inai, ndiye kuti mituyo ndi yongokulitsidwa. Mphunzitsi wosaona amene afuna phunziro la Lacinai mu buku la masamba 80 amadalira H. Popanda mitu yeniyeni afunika kumvetsera kuyambira pa tsamba loyamba.

Ngati mau a makina akukuvutani kumva, tsegulani Speech Viewer pa Tools. Kawindo kameneka kamalemba zonse zimene NVDA ikunena, ndipo mungazikopele kuti mukambirane ndi anzanu.

Cinyanja m'kamwa mwa makina a Cingerezi

Apa ndi pamene nchito yathu imasiyana ndi ya wolemba kalata ya mu ofesi. Mau olankhulira amene amabwera kale mu kompyuta ndi mafoni ambiri ndi a Cingerezi, ndipo amachula Cinyanja motsata malamulo a Cingerezi. M'kalembedwe kathu ka ku Zambia timalemba "c" pa mvekero woyamba wa liu lakuti "cule". Makina a Cingerezi amachula "c" ngati "k" akatsatana ndi a, o kapena u, ndipo ngati "s" akatsatana ndi e kapena i. Motero "cakudya" cimamveka ngati "kakudya", ndipo "cimanga" ngati "simanga". "Ph" amamuchula ngati "f", ndiye "phiri" limakhala "firi". "Th" wa mu "thupi" amamveka ngati wa mu liu la Cingerezi lakuti "think". Mavawelo naonso amasinthasintha, makamaka "e" wa kumapeto amene makina amakonda kumumeza: "mbale" ndi "kale" amamveka ngati mau a Cingerezi a phatikizo limodzi.

Musasinthe kalembedwe kolondola pofuna kukondweretsa makina. Mwana amene akuwerenga fayiloyo pa Braille kapena pa zilembo zazikulu afunika kukumana ndi "cimanga" monga mmene cilili m'buku la anzake. Anthu osaona amene anazolowera makina amaphunzira kumva Cinyanja m'kachulidwe kokhota kameneka, ndipo akakayika amayenda cilembo cimodzicimodzi ndi muvi. Cimene mukuyesa inu ndi cakuti zilembo zonse zilipo ndipo n'zolondola.

Mu NVDA muli makina olankhulira ochedwa eSpeak NG amene ali ndi mau a Ciswahili. Yesani kuwasankha. Mavawelo asanu a Ciswahili ndi ofanana ndi athu, ndipo cinenero cimeneci cilinso ndi "ng'" ndi "ny", motero ziganizo zambiri zimamveka pafupi ndi Cinyanja kuposa pa mau a Cingerezi. Koma mvetserani bwino mau a "c" ndi "th", cifukwa m'Ciswahili zilembo zimenezi zimagwira nchito ina.

Pa phunziro la mamvekero vuto ndi lalikulu kwambiri. Makina akakumana ndi cilembo cili cokha amanena dzina lake la Cingerezi. "A" amati "ei", "i" amati "ai", "m" amati "emu". Mwana wa Giredi 1 amene mukumuphunzitsa kuti m ndi a apanga ma akamva "emu, ei" adzasokonezeka, ndipo "i" wonenedwa kuti "ai" ndi "e" wonenedwa kuti "i" angawononge nchito ya masabata angapo. Pa maluso asanu a kuwerenga amene ali mu National Literacy Framework ya 2013, awiri oyamba, kuzindikira mamvekero ndi kulumikiza mamvekero ndi zilembo, amafuna mau a munthu. Jambulani mau anu pa foni ndi kutumiza pamodzi ndi fayilo. Pulogalamu yaulere ya Bloom, yopangidwa ndi bungwe la SIL, imalola kujambula mau pa ciganizo ciliconse ca kabuku, ndipo kabukuko kamawerengeka pa foni ya Android ndi Bloom Reader. Mukapanga buku lotere liyeseni pa foni yeniyeni kuti muone ngati mau akugwirizana ndi tsamba.

Tisaiwale kuti kumvetsera si kuwerenga. Mwana wosaona wa m'magiredi oyamba afunika kuphunzira Braille ndi zala zake, monga mmene anzake akuphunzirira zilembo ndi maso. Makina olankhula amathandiza kwambiri aphunzitsi, makolo ndi ana okulirapo.

Zithunzi

Cithunzi ciliconse cimene cili ndi nchito pa tsamba cifunika mafotokozedwe afupi, a m'Cinyanja. Mu Word dinizani cithunzi ndi batani la kumanja la mausi, ndipo sankhani Alt Text. Ciganizo cimodzi kapena ziwiri n'zokwanira: "Mtsikana watenga ndowa pamutu, akucokera kumjigo." Musayambe ndi mau akuti "cithunzi ca", cifukwa makina amanena okha kuti ici ndi cithunzi. Timaluwa ndi tinyenyezi tokongoletsa m'mphepete tiikeni cizindikiro ca Mark as decorative kuti makina atidumphe.

Mapepala a magiredi oyamba ali ndi vuto lao lapadera. Taganizirani nchito yakuti: "Lemba dzina la cinthu cili pa cithunzi." Mukafotokoza kuti "galu", mwapereka yankho. Mukasiya osafotokoza, funsolo silingayankhidwe. Yambani mwadzifunsa cimene mukuyesa. Ngati mukuyesa kalembedwe ka liu, kunena liulo ndi mau a munthu sikuononga kanthu, cifukwa n'cimodzimodzi ndi kulembetsa. Koma musalilembe mu mafotokozedwe, pakuti pa Braille mwana adzagwira zilembo zonse. Ngati mukuyesa kudziwa mau, fotokozani ngati mwambi wocepa: "Nyama ya miyendo inai imene imalonda pakhomo ndipo imauwa." Nthawi zina njira yabwino ndi kucoka pa fayilo ndi kupatsa mwana cinthu ceniceni kuti agwire: supuni, lalanje, mwala, nsapato. Lembani zimenezi m'malangizo a mphunzitsi kuti amene adzasewenzetse pepalalo adziwe.

Pa nkhani ya zithunzi zotsatana, imene ana amafotokoza zimene zikucitika, mafotokozedwe anene zooneka cabe. Lembani kuti "Mnyamata wagwira mwendo, pansi pali njinga yogwa." Musalembe kuti "Mnyamata wavulala cifukwa anathamangitsa njinga", pakuti kupeza cifukwa ndi nchito ya mwana.

Matebulo, mipata ndi mizere yolumikiza

Tebulo la maphatikizo, la mavawelo pamwamba ndi makonsonanti m'mbali, limawerengeka bwino ngati linapangidwa ndi Insert Table ndipo mzere woyamba unaikidwa kukhala wa mitu. Mu NVDA mumayenda mu tebulo mwa kugwira Ctrl ndi Alt ndi kudiniza mivi. Yesani kucoka pa "ma" kupita pa "me" ndi kutsika pa "ke". Ngati makina asocera, yang'anani mabokosi olumikizidwa kapena opanda kanthu. Tebulo lopangidwa ndi batani la Tab limangomveka ngati mzere wautali wa maphatikizo opanda ciyambi.

Mipata yodzaza imafuna cisamaliro. Mukalemba "Amai aphika ______ pamoto", makina angathe kudumpha mzerewo ndi kunena kuti "Amai aphika pamoto", kapena kunena "line" pamalopo, molingana ndi mmene mwini anawakonzera. Njira yodalirika ndi kulemba liu lakuti "mpata" pamalo a mzere, ndi kunena m'malangizo kuti liu limeneli likuimira malo olembapo. Pa nchito yodzaza cilembo cosowa, monga "mb_zi", onjezani ciganizo: "Cilembo cacitatu casowa."

Nchito yolumikiza mau ndi mizere siyenda pa makina. Isintheni: mbali imodzi ikhale ndi manambala, ina zilembo, ndipo mwana ayankhe kuti 1 apita ndi C. Cimodzimodzi malangizo odalira mtundu kapena malo, monga "werenga mau ofiira" kapena "yang'ana bokosi la kumanja". Makina sanena mtundu wa zilembo pokhapokha mwini atawauza kutero. Patsani gulu la mauwo mutu wake, monga "Mau atsopano", ndipo muwachule ndi mutuwo.

Kuyesa Braille

Ngati fayilo idzapita ku makina osindikiza Braille kapena ku kacipangizo monga Orbit Reader 20, kamene kamaonetsa zilembo 20 panthawi imodzi, funsani mphunzitsi wa maphunziro apadera kuti aone zotuluka. Braille ya Cingerezi ili ndi mitundu iwiri: yolemba cilembo ciliconse, ndi yofupikitsa, imene amaichula kuti grade 2. Maina amenewa sagwirizana ndi magiredi a kusukulu. Mu yofupikitsa, zilembo monga "th", "ch", "in", "en" ndi "and" zimaimiridwa ndi cizindikiro cimodzi. Pulogalamu yomasulira ikasiyidwa pa Braille yofupikitsa ya Cingerezi, imalowetsa zizindikiro zimenezi m'mau a Cinyanja: "thandizo" limayamba ndi cizindikiro ca "th" kutsatana ndi ca "and", ndipo "zinthu" limakhala ndi ca "in" ndi ca "th". Mwana amene akuphunzira kuti t ndi h ndi zilembo ziwiri sangazindikire mau amenewa. Mu NVDA, pa Settings pa gawo la Braille, mungasankhe tebulo losafupikitsa, ndipo makope atsopano alinso ndi tebulo la Chichewa la ku Malawi. Sankhani limene likugwirizana ndi zimene mwanayo akuphunzitsidwa. Braille Viewer ya pa Tools imaonetsa timadontho pa sikirini ngakhale mulibe kacipangizo. Aphunzitsi ophunzitsidwa ku ZAMISE ku Lusaka, ndi a m'masukulu monga Magwero ndi Ndola Lions, ndi amene angakuuzeni msanga ngati zotulukazo n'zowerengeka.

Oona movutikira

Ana ambiri a vuto la maso amaona pang'ono, ndipo safuna makina olankhula. Kwa iwo kulitsani tsamba pa sikirini mpaka 200 peresenti muone ngati mau sakudulidwa kapena kukwerana. Posindikiza, zilembo za saizi 18 ndi poyambira pabwino, koma funsani mwanayo ndi kumuyesa, cifukwa maso amasiyana. Malangizo a WCAG amati kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi kumbuyo kwake kusacepere 4.5 pa 1. Zilembo zakuda pa pepala loyera zimapitirira muyezo umenewu kutali. Zacikasu pa loyera zimalephera. Sindikizani tsamba limodzi pa makina a pasukulu panu, makamaka ngati inki ili pafupi kutha. Zilembo za Andika, zimene SIL inakonzera oyamba kuwerenga, n'zaulere, zimasiyanitsa bwino l, I ndi 1, ndipo zili ndi ŵ. Ngati mufuna kulemba ŵ mu Word, lembani 0175 ndi kudiniza Alt ndi X, m'malo mojambula kacipewa pamwamba pa w.

Zolembedwa ndi mapulogalamu a pa intaneti

Mukakopela nkhani kucokera ku mapulogalamu amene amalemba okha, nthawi zambiri imabwera ndi tinyenyezi ndi zizindikiro za # m'malo mwa mitu yeniyeni. Makina owerenga angathe kuchula zizindikirozo kapena kuzidumpha, ndipo H sapeza mutu uliwonse. Tizithunzi ta nkhope zoseka timawerengedwa ndi maina ao a Cingerezi pakati pa ciganizo ca Cinyanja. Cotsani zonsezi ndi kuika mitu ya pa Styles. Onaninso kalembedwe: mapulogalamu amenewa kawirikawiri amalemba monga ku Malawi, "chimanga" ndi "ntchito", pamene mabuku athu amalemba "cimanga" ndi "nchito". Wopenya amaona kusiyanako msanga, koma womvetsera nthawi zina sangadziwe mpaka atayenda cilembo cimodzicimodzi. Ndipo popeza nkhaniyo ndi ya oyamba kuwerenga, yang'anani ngati mulibe mamvekero amene simunaphunzitse.

Pa zolemba zocokera m'cikombole cimodzi, monga malipoti a temu, simufunika kumvetsera onse. Yesani cikombole, kenako lipoti loyamba, lomaliza, ndi la mwana wa dzina lalitali kwambiri kapena lokhala ndi kacizindikiro monga Ng'andu. Mukasintha cikombole, yesaninso.

Pa foni

Makolo ambiri adzatsegula fayilo pa foni. Dzitumizireni nokha pa WhatsApp, posankha Document, osati kujambula sikirini, cifukwa cojambula pa sikirini ndi cithunzi cabe. Patsani fayilo dzina lomveka, monga "Giredi 2 Cinyanja Sabata 5 Mau atsopano", pakuti dzinalo ndi limene wosaona amayamba kumva. Yatsani TalkBack pa Settings, pa gawo la Accessibility. Ikayaka, foni imasintha kagwiridwe: kukhudza kamodzi kumangochula cinthu, kukhudza kawiri ndiko kumatsegula, kukoka cala kumanja kumapita pa cinthu cotsatira, ndipo pokweza tsamba mumasewenzetsa zala ziwiri. Phunzirani kazimitsidwe kake musanayatse. Fayilo imene inamveka bwino pa kompyuta ingathe kuvuta pa foni, malinga ndi pulogalamu imene yaitsegula. Ngati ndi mau ocepa, monga a homuweki ya tsiku limodzi, alembeni mwacindunji mu uthenga, ndipo muwonjezepo uthenga wa mau.

Pa msonkhano wa gulu la aphunzitsi pasukulu panu, patulani theka la ola. Mmodzi abweretse pepala limene wakonza sabata imeneyo, wina amene sanalionepo akhale pa kompyuta yophimbidwa ndi kuyankha mafunso mwa kumvetsera cabe, ndipo wacitatu alembe pamene wakakamira. Ngati pasukulu kapena m'zoni mwanu muli mphunzitsi kapena kholo losewenzetsa makina amenewa tsiku ndi tsiku, m'pempheni kuti akhale iye woyesa, ndipo m'tumizireni fayiloyo pasadakhale kuti aitsegule pa cipangizo cake. Mapepala amene apambana muwasunge mu foda imodzi pa kompyuta ya sukulu, pamodzi ndi tsiku limene anayesedwa ndi pulogalamu imene munayesera, kuti pokonza pepala la sabata yotsatira muyambire pa limene linayesedwa kale.